Ndinalekerera Chingwe pa Phiri la Ayezi

Amayi anzanga, azichemwali, ndi abambo awiri atatu mwakhala kumbuyo uko, zikomo pondipatsa mpata. Ndine Esinati, ambiri mumanditcha Make Tadala. Ndimakhala konkuno ku Braunstone. Apampando anandipempha kuti ndidzakambe za kukwera mapiri a ayezi, poti mwamva kuti kuli mayi wina wa Chimalawi amene amachita zimenezo. Ndinavomera, koma ndinawauza kuti za phiri sindingazikambe osakamba za mowa. Iwo anati, "Mayi, mwina pamenepo mungodumphapo." Sindidumphapo. Nkhani yangayi munaikamba kale m'magalimoto pochokera kutchalitchi, ine kulibe. Lero muimve kwa mwini wake, ndipo wina akafuna kukaifotokoza, akaifotokoze yonse.

Ndinabwera kuno kwa azungu ndili nesi wathunthu, wochokera ku Ntcheu. Inde, Mngoni. Sekani, ndikudziwa chimene mukuganiza. Koma kumudzi sindinalawepo ngakhale masese. Mowa ndinauphunzira kuno, ndili mayi wamkulu, ndekha, pa sofa. Bambo a Tadala anapita kumudzi kukayang'anira nyumba imene tinkamanga, ndipo kumeneko anakapeza wina wowayang'anira iwowo. Chaka chomwecho mayi anga anamwalira. Maliro ndinaonera pa foni nditavala yunifomu, m'kachipinda kosungiramo mabulangete a odwala. Nditapukuta misozi ndinabwerera mu wodi kukagawa mankhwala.

Ndinayamba ndi kapu imodzi ya waini ndikaweruka, ati kuti tulo tibwere. Kapu inasanduka botolo. Waini atayamba kuchedwa kugwira ndinasamukira ku vodika, poti anthu amati sanunkha. Bodza limenelo, amanunkha. Ndinkamuthira m'botolo la madzi n'kuika m'chikwama pambali pa Baibulo. M'kwaya ndinkaimba nawo bwinobwino, mawu okwera, chingamu kutsaya. Chaka chija timu ya mzinda uno inatenga chikho, tauni yonse italedzera, ine ndinasangalala kuposa aliyense ngakhale mpira sindiudziwa. Masiku amenewo ndinkafanana ndi anthu.

Sipanapite nthawi, manijala wa wodi anandiitanira mu ofesi, anatseka chitseko, anandifunsa kuti m'botolo mwanga muli chiyani. Wodwala sindinaphe, Mulungu anandichitira chifundo pamenepo, koma ntchito inaima ndipo chilolezo changa cha unesi anachiimitsa. Ndinakathera ku weyahausi, chinyumba chosungiramo katundu, ku Corby, kukwera basi ya shifiti, kulongedza makatoni ndi manja amene ankabaya jakisoni. Tadala, mwana wanga yekhayo, anali atakula kale, akugwira ntchito. Anandipeza kangapo nditagona pansi kubafa. Tsiku lina analongedza zovala zake n'kusamukira kwa azakhali ake ku Normanton. Ndinamufunsa m'Chichewa, iye anayankha m'Chingerezi monga achitira ana athuwa, koma ndinamva zonse: "Mami, sindikufuna kudzakhala ine wokupezani mutafa."

Foni inasiya kulira. Ku zinkhoswe dzina langa linayamba kuiwalika.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anandifunsa chinthu, ndipo sanali wa tchalitchi chathu. Ndikunena a Shamim, a pashopu paja timagula ufa ndi usipa. Ndi Amwenye obadwira ku Limbe, Asilamu, mowa sagulitsa ngakhale kuukhudza, ndipo Chichewa chawo chimaposa cha ana athu tonse muno. Dokotala atawapeza ndi shuga anawauza kuti aziyenda, iwo n'kuyamba kukwera zitunda za ku Peak District ndi gulu lina la amayi. Mayi wopitirira zaka makumi asanu, mpango kumutu, ndodo ziwiri m'manja.

Tsiku lina ndikunyamula thumba la ufa, manja anga ananjenjemera mpaka thumbalo linagwa. Iwo manjawo sanawayang'ane. Anati, "Achemwali, Loweruka mumatani?"

"Ndimagona."

"Mudzagona kumanda. Nsapato mumavala saizi yanji?"

Ulendo woyamba ndinasanza kuseri kwa mpanda wamiyala, nkhosa zikundiyang'ana. Ndinatukwana chitunda, ndinawatukwananso a Shamim chamumtima. Koma potsika ndinazindikira kuti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka sindinaganizepo za botolo. Ndinapitanso Loweruka linalo, ndi linalo. Miyendo inalimba. Nyengo yachisanu itafika tinapita ku Scotland kukaphunzira kuyenda pa sinowo, chipale chofewa chija. Anatiphunzitsa kumanga zitsulo za mano kunsi kwa nsapato, kugwira kankhwangwa ka ayezi, kudzigwetsa dala pamalo otsetsereka n'kudziimitsa ndi nkhwangwayo. Ndinagwa n'kudzuka tsiku lonse, ndikuseka ngati kamtsikana.

Zimene munkanena zinkandifika. Ati Make Tadala wasiya botolo wayamba misala ina. Ati mayi wamkulu kumalendewera m'miyala ngati nyani, zachizungu zimenezo. Ndinati zinenani. Pamene ndinkagona kubafa palibe anabwera ndi malangizo. Lero ndavala nsapato ndiye mwapeza mawu.

Koma pali chimodzi munalakwitsa, ndipo ine ndinakusiyani mulakwitse. Botolo sindinasiye. Ndinachepetsa chabe. Lachisanu sindinkamwa, kuti Loweruka ndiyende. Ndikabwerako ndinkadzithokoza ndi vodika. A Shamim ndinawauza kuti ndinasiya. Tadala ndinamuuza kuti ndinasiya. Ineyo ndinadziuza kuti chidakwa sichingakwere phiri, ndiye poti ndikukwera, sindine chidakwa.

Chaka chija cha chisanu chachikulu, pamene mabasi a ku Corby anaima, a Shamim anati tikaone mapiri enieni, a ku Alps, mbali ya Italy. Tinapita kumapeto kwa nyengo yachisanu, sinowo adakali wambiri. Tinapeza gayidi, ndiye kuti munthu wotitsogolera, dzina lake Matteo, wamfupi, wa imvi, wosalankhulalankhula. Anatikweza mpaka kanyumba kogonamo okwera phiri, anatiimika pakhomo n'kutilozera njira ya mawa lake.

Ndikufotokozereni, poti kwathu kulibe zotere. Pa phiri limenelo pali mtsinje wa ayezi yekhayekha, wotambalala kuposa Braunstone yonse, wotsika pang'onopang'ono osaoneka kuti ukuyenda. Ukamatsika umang'aluka. Ming'alu yake ina ndi yoti basi ya shifiti ingalowemo n'kusowa. Nyengo yachisanu sinowo amaiphimba pamwamba, pena mochindikala, pena mopyapyala, monga mlenje amaphimbira mbuna ndi udzu. Ukayang'ana umangoona bwalo loyera, losalala, lokongola. N'chifukwa chake anthu amamangana chingwe m'chiuno, n'kumayenda motalikirana.

Matteo anati, "Chingwe chizikhala chokungika nthawi zonse. Chikakungika, munthu akaboola sinowo amalowa mpaka m'chiuno, timamukoka, timaseka. Chikakhwepa, amagwa mpaka pamene chathera. Muziponda pamene waponda mnzanu. Tinyamuka kusanache, sinowo adakali wouma, ndipo tiyenera kutsika dzuwa lisanamufewetse. Imwani madzi ambiri. Mowa ayi. Kuno mpweya ndi wochepa, mowa umaumitsa thupi, ndipo umakunamiza kuti watenthedwa pamene ukuzizidwa."

Ndinagwedeza mutu. Za mowa ndi thupi ndinkazidziwa kuposa iyeyo, si ndine nesi? M'chikwama mwanga, m'kati mwa sokosi, munali botolo.

Ming'alu ija inandiopsa. Madzulo tisanadye ndinalowa m'chimbudzi, ndinati ndingonyowetsa kukhosi kuti mantha achoke. Ndinatuluka botolo lili gwa.

M'mawa mutu unali ngati mtondo akusinjamo. Tinamangana chingwe, tinayatsa matochi a pamphumi, tinayamba kukwera. Ine ndinkangoima. Kuyenda pang'ono, kuima. Kuyenda pang'ono, kusanza. Matteo anaganiza kuti ndi mpweya wa pamwamba ukundivuta, monga umavutira ambiri. Anandipatsa madzi, anandidikira, anandidikiranso. Dzuwa linatuluka, linakwera, ife tikadali kutali ndi nsonga. Kenako anayang'ana kumwamba, anaponda sinowo ndi chidendene kuti amve kufewa kwake, anati, "Tachedwa. Tibwerere."

A Shamim sanadandaule. Anangoti, "Phiri silithawa, achemwali."

Potsika gayidi amakhala pambuyo, kumtunda, kuti wina akagwa iye agwire. Ndiye a Shamim anali patsogolo, ine pakati, Matteo pambuyo. Mphepo inali itafufuta mapazi athu a m'mawa. A Shamim ankayenda mwachifatse, akubaya sinowo ndi ndodo asanaponde, monga tinaphunzitsidwa. Ine kukhosi kunali kouma, maso akuwawa ndi kuwala, ndinkangofuna bedi. Ndinayamba kuwayandikira. Chingwe chinakhwepa, chinayamba kukwekwereka pansi ndi kukola m'mano a nsapato zanga. M'malo moima kuti chikungike, ndinachitola n'kumachikulunga m'dzanja ngati mayi akuchotsa chingwe choyanikira zovala.

"Esinati, chingwe!" anakuwa Matteo.

Ndinataya. Titayenda pang'ono ndinatolanso. Anakuwanso. Ndinakweza dzanja osacheuka, kunena kuti ndamva, usandivute.

A Shamim sanakuwe. Ndinaona miyendo yawo ikulowa, kenako chiuno, kenako helemeti yoyera imene anavala pamwamba pa mpango, basi. Pamene anaima panatsala kadzenje kakuda ngati pakamwa pa mtsuko. Chingwe chimene ndinakulunga chija chinathothoka m'dzanja mwanga, chinatenga ndi gulovu yomwe, ndipo nthawi yonse imene chinkatha, iwo anali akugwabe. Chitatha chinandikoka m'chiuno ngati ng'ombe yolusa. Ndinagwa chafufumimba, ndinayamba kukwekwerezeka kulowera kudzenje kuja.

Manja anakumbukira zimene mutu unaiwala. Ndinazika nkhwangwa mu sinowo n'kuigonera ndi chifuwa chonse. Thupi linazungulira, miyendo inaloza kudzenje, ndinakhomera mano a nsapato pansi. Kumtunda Matteo anali atadziponya kale, akugwira. Tinaima. Nditasuzumira kunsi kwa mkhwapa ndinaona kuti mapazi anga atsala pang'ono kufika pamlomo pa dzenjelo.

Matteo anabwera chokwawa, chingwe chake akuchikunga. Anandigwira paphewa. "Usasunthe. Ndikumba poti timangirire chingwe. Usadzuke ngakhale ndichedwe. Mnzako ali pa iwe."

Ndinagona pamenepo, nkhope mu sinowo. Lamba ankandidula m'chiuno. Dzanja lopanda gulovu linayamba kuwawa, kenako linasiya kuwawa, ndipo ngati nesi ndinadziwa kuti kusiyako n'koipa kuposa kuwawako. Mikono inkanjenjemera, ndipo sikunali kuzizira kokha. Kunali kunjenjemera komwe kuja kwa m'mawa uliwonse. Mpweya wanga unkagunda pa sinowo n'kubwerera m'mphuno mwanga. Amayi anzanga, fungo limene Tadala ankamva, limene manijala uja anamva, limene inu munkamva m'kwaya n'kumayang'anana, ine ndinalimva koyamba tsiku limenelo. Panalibe chingamu. Panalibe wina woti ndinamizire.

M'dzenje munali zii. Ndinaganiza za ana a Shamim, anyamata awiri amene anatiperekeza ku ndege, amene anandiuza kuti, "Anti, mukawasamale amayi." Ndinadziona ndikulowa m'shopu muja, belu la pachitseko likulira, ndikuima pakati pa matumba a ufa kuti ndiwauze chiyani? Ndinayesa kupemphera. Mapemphero onse amene ndinkawadziwa anathawa. Amene anatuluka ndi mawu amodzi, ndipo ndinawanena ndi pakamwa podzaza sinowo: "Ndanama. Ambuye, ndanama."

Kenako mawu anamveka kuchokera pansi, aang'ono, ngati a munthu ali m'chitsime.

"Iwe Esinati! Ulipo?"

Anali asananditchulepo iwe chidziwiraneni.

"Ndilipo!"

"Gwira! Mwendo wapita, koma ndili moyo. Usandisiye!"

"Sindikusiyani!"

Anayamba kupemphera m'Chiluya, monga apempherera Asilamu, mawu akukwera ndi kutsika. Ine sindinkamva tanthauzo, koma ndinkamvetsera ngati mmene timamvetsera mtima wa wodwala. Akasiya pang'ono ndinkakuwa dzina lawo mpaka ayambirenso. Thupi lonse linkandiuza kuti dzuka, tambasula msana kamodzi kokha. Kwa zaka zonsezo thupi langa likati ndikufuna, ndinkalipatsa. Tsiku limenelo ndinalikaniza. Ndinaluma kolala ya jekete, ndinati ngakhale dzanja liduke, pano sindichoka.

Matteo atakwirira nkhwangwa yake pansi n'kumangirirapo chingwe, kulemera kunachoka m'chiuno mwanga. Anakwawira pamlomo pa dzenje, analankhula nawo, anatsitsa chingwe china, anaika timawilo tokokera. Tinakoka awiri, kupuma, kukokanso. Anatuluka helemeti itang'aluka, mpango uli magazi, phazi litaloza kwina. Pamenepo unesi unadzuka. Ndinawayang'ana m'maso, ndinamanga mwendo ndi ndodo yawo yomwe, ndinawakhazika pa zikwama kuti asagone pa sinowo, ndinawafunditsa jekete langa mpaka helikopita inabwera.

Ife awiri tinatsika wapansi. Titafika pakanyumba paja Matteo anandiyang'ana, anati, "Unamwa?"

"Inde."

"Mng'alu sunaukumbe ndiwe. Aliyense akanatha kuboola pamenepo. Koma chingwe chikanakungika, akanalowa mpaka m'chiuno. Kwinako ndi kwako." Anamasula mfundo yake. "Inenso ndinalakwa, ndikanakufunsa m'mawa. Koma sindidzamangananso nawe chingwe uli chonchi."

Kuchipatala ndinawapeza a Shamim atachitidwa kale opaleshoni, aikidwa zitsulo m'kakolo. Ndinagwada pambali pa bedi n'kuwauza zonse: sokosi, chimbudzi, chingwe m'dzanja. Anamvetsera akuyang'ana kudenga. Andilola kunena zimene anayankha.

"Ndinadziwa, achemwali. Ndinamva fungo pamene tinkamangana chingwe. Ndinkalimvanso m'galimoto maulendo ena. Ndinachita manyazi kukuchititsani manyazi pamaso pa mzungu, ndiye ndinakhala chete. Mwendowu tathyola awiri, inu ndi botolo lanu, ine ndi ulemu wanga." Ndinayamba kulira. Iwo anati, "Misozi sungani. Lero sindikukhululukirani. Pitani kwa dokotala kaye, tidzakambirana."

Nditabwerera kuno ndinapita kwa dokotala wa m'dera lathu ndisanamasule n'chikwama chomwe. Anandifunsa kuti ndimamwa wochuluka bwanji, ndipo koyamba ndinanena zoona osachotsera. Apa ndikuchenjezeni ngati nesi. Ngati mwakhala mukumwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, musasiye mwadzidzidzi muli nokha m'nyumba. Thupi limatha kugwidwa ngati khunyu, munthu n'kufa. Pali mankhwala, pali anesi amene ntchito yawo ndi yomweyo, ndipo sakauza abusa anu. Ine ndinatsitsidwa pang'onopang'ono, akundiyang'anira. Masabata oyambawo ndinatuluka thukuta, ndinaona zinthu zoyenda pakhoma, ndinatukwana aliyense. Zinatha.

Ananditumiza ku gulu la anthu a vuto lomweli, limene limakumana pakati pa sabata m'kaholo kena m'tauni. Ndinapeza oyendetsa malole, aphunzitsi, agogo ena ovala mikanda yodula. Munthu wakuda ndinali ndekha. Ndinati pano sindibweranso. Ndinabweranso, ndipo ndimapitabe. Njira yochokera pa siteji ya basi ndinaisintha, ndimazungulira kutali kuti ndisadutse pashopu ya mowa pamene ankandidziwa osafunsa. Botolo la madzi lija ndinataya, ndinagula loonekera m'kati.

Ndinakwera basi kupita ku Normanton. Tadala anatsegula chitseko koma anaima pakhomo pomwepo. Sindinamuuze kuti ndasiya, mawu amenewo ndinali nditawawononga kale. Ndinamuuza za a Shamim, ndi tsiku limene gulu lathu limakumana. Anati, "Chabwino, Mami," n'kutseka. Panapita miyezi. Tsiku lina ndikutuluka m'kaholo kaja ndinamupeza ali m'galimoto panja, injini ikulira. Anangotsegula chitseko cha mbali yanga.

A Shamim ndinkawakankha pa njinga ya odwala kupita nawo kuchipatala. Anyamata awo sankandiyankha moni, ndipo sindinawaone kulakwa. Ndinkabwerabe. Pa Khirisimasi ndinagwa, ndinamwa. Sindibisa. Koma m'mawa mwake ndinaimbira mayi wina wa ku gulu lija, ndinaimbiranso a Shamim, ndinanena ndekha asanamve fungo. Iwo anati, "Eya. Tsopano mwayamba kulankhula ngati munthu woti n'kumangana naye chingwe." Tsiku limenelo ndi limene anandikhululukira.

Za ntchito ndinakaima pamaso pa akuluakulu a unesi, ndinayezedwa magazi kambirimbiri, ndinayankha mafunso amene sindingafunire mdani. Anandibwezera chilolezo, koma ndikugwira pansi pa diso la wina, ku nyumba yosamalira okalamba. Yunifomu ndinavalanso.

Ena anati basi, za mapiri wasiya, waphunzira. Ayi. Phiri silinandilakwire. Ndinapita kukaphunzira kutulutsa munthu m'mng'alu, kuti tsiku lina ndisadzangogona pansi n'kumadikira wina. Ndinkayeserera pa miyala ya ku Bradgate, kutsitsa thumba la ufa la kushopu n'kulikokanso, a Shamim atakhala pa mpando akundikalipira mfundo zanga, azungu oyendetsa agalu akuima kudabwa.

Nyengo yachisanu yotsatira ndi iwo amene anati ndibwerere. Iwowo sangakwerenso ayezi, kakolo kawo sikapindika. Anandiperekeza mpaka kumudzi wa m'munsi mwa phirilo. Matteo anandiyang'ana nthawi yaitali, anandifunsa mafunso ake, ndinamutsegulira chikwama ndekha mpaka masokosi. Titafika pakanyumba paja kunagwa sinowo watsopano ndi mphepo yamphamvu. Sinowo wotero amabisa ming'alu ndipo amatha kugumuka n'kukwirira anthu. Tinadikira kuti akhazikike. Ine amene sindinkatha kudikira ngakhale basi popanda kumwa, ndinakhala pawindo ndi kapu ya tiyi mpaka kunja kunalola.

Tinanyamuka kusanache, ine, Matteo ndi mayi wina wa ku Germany. Chingwe changa chinali ngati nsambo ya gitala. Dzuwa lisanakwere ndinali pamwamba. Mngoni wa ku Ntcheu, nesi woimitsidwa, uja wa botolo m'chikwama. Ndinawaimbira a Shamim ndikulira. Anati, "Musandiimbire muli pamwamba. Mundiimbire mukatsika," n'kudula foni. Ndinatsika, ndinawaimbira.

Sindinabwere kudzakuuzani kuti mukwere mapiri. Sindinabwerenso kudzapepesa kuti ndinali chidakwa. Amene ndinawalakwira ndinawapepesa pamaso, ndipo mmodzi wa iwo adzayenda motsimphina mpaka kumanda chifukwa cha ine. Zimenezo ndimazisenza. Koma manyazi oti ndiziwerama ndikamalowa m'holo muno, amenewo ndawakana. Manyazi ndi amene anandibisitsa botolo m'sokosi. Manyazi ndi amene anawatseka pakamwa a Shamim. Ndiye inu amene mumamva fungo kwa mnzanu m'kwaya, musakanene m'galimoto. Muuzeni iyeyo, ngakhale akudeni.

Ndipo iwe mnzanga amene wakhala muno chikwama uli nacho pamiyendo, osachiika pansi, sindikuuza kuti uimike dzanja kapena ubwere kutsogolo. Tikamaliza pano ndikhala kukhitchini uko ndikutsuka makapu. Ndi ambiri, ndipo wopukuta palibe. Ubwere udzatenge kansalu. Madzi akamatuluka pa mpope, palibe amamva zimene anthu awiri akukambirana.